Mwala Wotsiriza wa a Mawa

Amuna anga kuntchito ankawatchula kuti a Mawa, ndipo dzinalo sanalitole pamsewu ayi, analigwirira ntchito. Ukawapatsa mwala Lolemba n'kufunsa kuti utha liti, ankauyang'ana, kuutembenuza, kuununkhiza, kenako n'kunena kuti, "Mawa." Ukabwera Lachiwiri ankakulandira ndi nkhope yowala ngati wabwera ndi mphatso, n'kunenanso kuti, "Mawa." Anthu a madigiri awiri atatu ankatuluka m'chipinda chawo akung'ung'udza, koma mwala wovuta ukapezeka ankabwerera nawo kwa a Mawa omwewo. Inenso ndinadikira zaka ziwiri kuti andifunsire, ndiye musaganize kuti khalidweli linkathera pa miyala.

Tinkagwira ntchito pamalo amodzi, nyumba yaitali ya khonde limodzi kumene amapima miyala yochokera m'zitsime zofufuzira mafuta a pansi. Ine ndinali wa tiyi. Khitchini yanga inali kumapeto kwa khondelo, ndipo kuseri kwake kunali shedi yaikulu ya mashelefu ofika kudenga, odzaza mabokosi a miyala yobulungira ngati makandulo akuluakulu. Bokosi lililonse linalembedwa chitsime chimene mwalawo unachokera ndi kuya kwake. Chipinda cha amuna anga chinali pakati pa shediyo ndi khitchini. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinkamva macheka awo kudzera pakhoma, moti akadwala osabwera kuntchito, ine tiyi ndinkamuthira shuga kawiri chifukwa cha kusowa phokosolo.

Ntchito yawo inali yocheka kachidutswa ka mwala, kukamata pa kagalasi, n'kukapala mpaka kapyapyale ngati pepala kuti kuwala kuzidutsa. Akatero, akatswiri ankakaika pa maikulosikopu, makina aja okuza zinthu zosaoneka ndi maso, n'kumawerenga zimene mwalawo unaona m'masiku ake.

Poyamba sindinkadziwa kuti kuwerengako n'kotani, ndipo sindinkafunanso kudziwa. Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti bambo ameneyu tiyi wanga ankamusiya pawindo mpaka achite khungu, anzake akumwa akuuzira. Tsiku lina ndinapita kukatenga kapu ndili ndi mawu okonzeratu.

"Achimwene, ngati tiyi wangayu sakukomerani, nenani. Ena akumufuna."

Anandiyang'ana ngati ndawadzutsa kutulo. "Pepani achemwali, amakoma. Kungoti zotentha muno sindiziyandikiza."

"Mukusunga ayisikilimu?"

"Ndikusunga timadontho," anatero, n'kunditsatira kukhitchini kuti akandifotokozere.

Anatenga beseni langa lotsukira makapu, n'kulivundikira m'mwamba pang'ono pa ketulo imene inkawira. Nthunzi inakwera n'kukodwa m'besenimo. Anati mafuta a pansi amachita chimodzimodzi. Amapsa pansi kwambiri, m'matope akalekale amene anakwiririka m'chigwa n'kusanduka mwala, kenako amakwera pang'onopang'ono kudutsa m'mwala wa mchenga. Akapeza mwala wolimba wopindika ngati beseni lovundikira, amaima pomwepo n'kudzazana. Akapanda kuupeza amapitirira mpaka kutayika.

Atatero anazimitsa ketuloyo, n'kudikira mpaka nthunzi yonse itatha, n'kuvundikiranso beseni lija. "Mwagwiramo chiyani tsopano?"

"Palibe," ndinayankha, "komanso mwandizimitsira ketulo ya anthu makumi anayi."

Anati nkhani yonse ya nyumba imene tinkagwiramo ntchito inali yomweyo. Beseni la pansi silinalipo kuyambira pachiyambi, nthaka inachita kupindika pa nthawi yake. Ngati mafuta anadutsa nthaka isanapindike, beseni lilipo lokongola koma lopanda kanthu. Ngati anafika itapindika kale, ndiye kuti alimo. Choncho anthu oboola zitsime safunsa chabe kuti mafuta anadutsa pano kapena ayi, amafunsa kuti anadutsa liti.

Amene amayankha funsoli ndi timadontho tija. Pamene mafuta ankadutsa, timchenga ta m'mwalamo tinkamatana, ndipo pomatanapo tinkatsekera timadontho ta mafuta tating'ono kuposa fumbi, kalikonse kali ndi kathovu kake m'kati. Katswiri amatenthetsa kamwalako pang'onopang'ono akuyang'ana, mpaka kathovuko kazimiririke. Pamenepo amadziwa kutentha kumene mwalawo unali nako tsiku limene kadontho kanatsekeredwa. Kutenthako kumamuuza kuti mwala unali utakwiririka mozama bwanji, ndipo kuzamako kumamuuza nthawi. Koma wina akautenthetsa mwalawo usanafike kwa katswiri, timadontho timatanuka kapena kuphulika, ndipo totsalato timanama.

Apa m'pamene panachokera mawa aja. Magalasi wamba amaumitsidwa pa mbaula yamagetsi, kumatidwa ndi guluu wotentha, ola limodzi ntchito yatha. A timadontho salola zimenezo. Amachekedwa ndi macheka oyenda ngati akudwala, madzi ozizira akudontha, amaumitsidwa ndi mphepo chabe, ndipo guluu wake ndi wozizira, woti agone usiku wonse asanakhudzidwe. Amuna anga sankadumpha ngakhale chimodzi mwa izi, kaya woyitanitsayo ndi bwana wamkulu wovala taye.

Tsiku limenelo anthu anamwa tiyi mochedwa ndipo ndinakalipiridwa, koma beseni lija ndinaliyang'ana mosiyana kuyambira pamenepo, pamodzi ndi mwini nkhaniyo.

Banja lathu lakhala la mtendere, ndinene mosabisa. Tinabereka ana atatu, onse ali pawokha tsopano. Tili ndi kanyumba ka zipinda zitatu ndi khonde loyang'ana kumsewu, ndipo m'nyumbamo mulibe tebulo kapena mpando umene umagwedera, chifukwa bambo awo akangomva chinthu chikugwedera amasiya chakudya n'kukatenga chopalira. Mwana wathu wachisamba amati anakula akuganiza kuti abambo onse padziko amayeza mipeni ya m'khitchini poyang'anitsa kuwala pawindo. Tinkapita limodzi kuntchito m'mawa, ine patsogolo iwo pambuyo, chifukwa kuyenda kwawo kunali kofanana ndi macheka awo. Tikakangana zinkathera panjira yomweyo, popeza munthu sungakwiyire wina kwa nthawi yaitali ukumamudikira pakona iliyonse.

Chaka chawo chopuma pantchito chitafika, dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Ndinayamba kuona ndine, pomanga mabatani a shati. Kuchipatala anati si matenda oopsa, ndi zobwera ndi msinkhu, anawapatsa mapiritsi oti azichepetsako. Koma kwa munthu amene moyo wake wonse unali kunsonga za zala, mawu akuti si zoopsa analibe tanthauzo.

"Amayi, izi zikhale zathu," anandiuza tikutuluka pachipata cha chipatala. "Kwatsala miyezi itatu. Ndituluke pakhomo paja anthu akundidziwa mmene amandidziwira."

Ndinavomera, ngakhale mumtima sindinagwirizane nazo. Anayamba kuyenda dzanja lili m'thumba, ndipo moni wa chanza anausiya, n'kumangoweramitsa mutu ngati manja ali ndi fumbi. Ntchito wamba ankaimaliza ndi makina, moti palibe anazindikira kanthu.

Kenako kunabwera mwala uja. Anabwera nawo ndi a Dokotala, mayi wamfupi woyenda mothamanga, makiyi ali m'khosi, amene ndiye katswiri wa timadontho pamalopo. Panali chitsime chakale chimene chinabooledwa ife tisanakwatirane, ndipo anthu oboola ankafuna kubwereranso kuderalo chifukwa anapezako beseni lalikulu la pansi. Asanasunthe makina awo ankafuna yankho la funso lija lakuti mafuta anadutsa liti. Miyala ya chitsimecho inali itatha ndi kupimidwa kwa zaka zambiri. Pakuya pofunikapo panatsala kachidutswa kotalika ngati chala.

Tsiku limene a Dokotala anakatenga kachidutswako m'shedi, amuna anga anali kuchipatala kokatenga mapiritsi, atanama kuti akukaonetsa dzino. Poti a Dokotala kudikira sakudziwa, anadula theka n'kupatsa a Makina, mmisiri wa chipinda choyandikana nacho, bambo wabwino wa manja achangu amene amatulutsa magalasi wamba makumi awiri patsiku. Anawauza ndithu kuti asatenthetse. A Makina anatsuka mwalawo, ndipo manja awo, amene kwa zaka makumi awiri akhala akuika mwala wonyowa pa mbaula, anauika pa mbaula mutu usanafunsidwe. Nthawi yomweyo ine ndinaimba belu la tiyi. Pamene ankakumbukira, ali pakati pa buledi wachiwiri, mwala unali utapsa moti sukanagwirika ndi dzanja. Mpaka lero akandiona amati belu langa ndi limene linawalodza.

Lolemba m'mawa ndinalowa ndi thireyi m'chipinda cha amuna anga n'kupeza a Dokotala ataima, kabokosi ka machesi kali m'manja. M'katimo, pa thonje, munali theka lotsala lija, laling'ono ngati mfundo imodzi ya chala.

"Bambo, uwu ndi wotsiriza," anatero a Dokotala. "Wina kulibe, kaya m'shedi kaya kwina kulikonse. Ndi wofumbutuka, makina opalira angoutha. Ukufunika manja anu. Anthu aja andipatsa masabata atatu."

Amuna anga anayang'ana kabokosiko, dzanja lamanja lili m'thumba. Ndinkayembekezera kuti anena zoona pamenepo. Iwo anangoti, "Usiyeni pathebulopo, amayi."

Masiku atatu oyamba zinayenda. Macheka ali ndi chopanira chake, safuna dzanja lokhazikika, ndipo kumata anamata ndi lamanzere. Chimene chinatsala ndi kupala, ntchito ya zala zokhazokha. Pamakhala galasi lalikulu lokhuthala pathebulo, umathirapo madzi ndi ufa wopalira, n'kumayendetsa kamwalako pamwamba pake uli kukanikiza mofanana mbali zonse. Ukalemeretsa chala chimodzi, mbali imodzi imatha inzake isanafike, ndipo timchenga timazuka pamodzi ndi timadontho take.

Lachinayi masana, anthu atapita kokadya, macheka ndi makina zonse zinali zii. Ndinapita kukasuzumira. Ndinawapeza atakhala pa situlu, manja ali pakati pa mawondo, ndipo pathebulo panali timagalasi titatu ta miyala yoyesererapo, tonse totha mbali imodzi. Mtima unandiwawa kwambiri. M'zaka zonsezi ndinali ndisanawaonepo atakhala pansi nthawi ya ntchito.

"Abambo, kauzeni a Dokotala. Si mlandu kukalamba."

"Ndikawauza, aupereka kwa ndani? A Makina panopa akuopa ndi kuuyang'ana komwe. Komanso manja awo anazolowera kuthamanga."

"Nanga autumize kwina."

"Kwinako amakonza miyala mazana pa sabata. Uwu ukakafika kumeneko ndi nambala chabe." Anapumira m'mwamba. "Si dzina langa lokha, amayi. Timadontho timeneti tadikira zaka mamiliyoni. Tifere m'manja mwanga?"

Ndinayamba kusonkhanitsa makapu a m'chipindamo, n'kuwasanja pathireyi pamwamba pa ena amene ndinatola m'khonde, khumi ndi awiri onse, n'kunyamula ndi dzanja limodzi monga mwa masiku onse kuti linalo litsegule chitseko. Nditacheuka ndinaona akuyang'anitsitsa thireyiyo.

"Taimani pomwepo," anatero. Ndinaima. Anayang'ana kwa nthawi yaitali ndithu, mpaka ndinayamba kudzikayikira ngati diresi lang'ambika penapake. Kenako anati, "Amayi, mundibwereke manja."

Ndinaseka mpaka makapu anatsala pang'ono kugwa, koma iwo sanaseke. Ndinawauza kuti ine sukulu ya miyala sindinapiteko, kuti ntchito yanga ndi ketulo, kuti ndikawononga mwala wa a Dokotala tidzathamangitsidwa tonse awiri tsiku limodzi ngati akuba. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera, kenako anandikokera situlu pafupi ndi galasi lalikulu lija, limene ngakhale wosesa sankaloledwa kulipukuta.

Tinayamba masana omwewo, ndi miyala yotaya. Tinkachita nthawi ya chakudya chamasana, ndi ola limodzi anthu akaweruka, ndi Loweruka m'mawa. Ndikuuzeni, kukhala ndi mwamuna zaka makumi atatu ndi nkhani ina, kuphunzitsidwa ntchito ndi mwamuna yemweyo ndi nkhani inanso. Munthu amene kunyumba sanandidzudzulepo ngakhale pa mchere anasanduka woyang'anira mayeso.

"Mukukhula ngati mukuchapa kolala ya shati. Musakanikize, muzingoperekeza."

"Ndikuperekeza!"

"Mukukankha. Zala zitatu, chapakati chisalamulire zinzake. Lembani eyiti, musazungulire malo amodzi, mungandikumbire galasi."

Ankaima kumbuyo kwanga atatsinzina, akumvetsera. Ankati ufa wopalira uli ndi mawu ake: ukamalira mokalipa ndiye kuti mwala ukadali wokhuthala, ukayamba kunong'ona ndiye kuti wayandikira. Ine ndinkangomva kuti shwee, shwee, basi. Ndinawononga woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu. Wachisanu ndi chimodzi unali ukuyenda bwino, koma ndinayetsemula. Loweruka, pa wachisanu ndi chiwiri, anandiuza kachinayi kuti chala chapakati chikulamulira, ine n'kuvula epuloni, kuiponya pathebulo, n'kuwauza kuti akafune mkazi wina wa zala zomvera. Ndinakakhala kukhitchini kwanga ndili fuu. Patapita kanthawi ndinamva mapazi aja oyenda ngati akuwerenga matailosi. Anaima pakhomo.

"Ine ndinawononga makumi anayi ndisanatulutse woyamba," anatero. "Sindinakuuzeni chifukwa ndimaopa kuti mudzitama."

Ndinavalanso epuloni. Wachisanu ndi chitatu unatuluka wofanana mbali zonse, ndipo Lolemba ndi Lachiwiri ndinatulutsanso ena atatu otero. Chodabwitsa n'chakuti ndinayamba kumva kunong'ona kuja. Sindingakufotokozereni bwino, koma pamafika pena pamene kagalasi kamasiya kukokera zala n'kuyamba kuyandama, ndipo mawu ake amafewa.

Lachitatu masana tinakhoma chitseko. Anatulutsa kagalasi kenikeni m'kabati, kamwala kofiirira katamatidwa pakati pake, n'kukaika m'manja mwanga ndi dzanja lamanzere. Kunja kunkamveka anthu akuseka popita kokadya.

"Ndikaphwanya?" ndinafunsa.

"Mukaphwanya, ndaphwanya ndine. Yambani."

Ndinayamba ndi ufa wokhakhala, kenako wapakati, kenako wosalala ngati paudala wopaka ana m'khosi. Pakati pa ufa uliwonse tinkatsuka zonse, galasi, kamwala, manja mpaka m'zikhadabo, chifukwa kambewu kamodzi ka ufa wokhakhala kakatsalira kamalemba mzere pa ntchito yonse. Iwo ankathira madzi, kuyeza ndi kachipangizo kawo koyezera kukhuthala, n'kubwezera m'manja mwanga. Msana unayamba kuwawa, thukuta likutsikira m'maso, koma sindikanatha kulipukuta. Anandipukuta ndi iwo, ndi kansalu ka m'thumba mwawo, dzanja likunjenjemera pachipumi panga.

Mwala umene unali wofiirira unayamba kuyera, kenako kuoneka ngati chifunga, mpaka ndinayamba kuona zala zanga kuseri kwake. Mawu anafewa. Ndinaimitsa dzanja ndisanauzidwe, ndipo nthawi yomweyo iwo anati, "Basi."

Anauyang'anitsa pawindo, kuutembenuza uku ndi uku, n'kuuyeza ngodya zonse zinayi. Ndinkadikira kuti anena mawu oyamikira, oti ndidzawauze ana. Iwo anati, "Tiyi wa fili koloko wachedwa, amayi." Koma maso awo anali atanyowa, ndipo ine ndinatuluka m'chipindamo mtima uli mbee.

A Dokotala analandira kamwalako Lachisanu, katasalalitsidwa n'kuchotsedwa pagalasi ndi mankhwala ozizira. Lolemba lotsatira ndinawapititsira tiyi m'chipinda chawo cha maikulosikopu, chimene makatani ake amakhala otseka masana onse. Anali osangalala ngati mwana, ndipo poti panalibe wina woti amuonetse, anandikoka ine.

"Amayi, taikani thireyiyo, bwerani muone zimene amuna anu atipatsa."

Ndinaika diso. Poyamba munali mdima wokhawokha. Kenako anayatsa nyali yawo yapadera, ndipo ndinaona timadontho tambirimbiri tikuwala mobiriwira, tina m'mizere tina patokha, kalikonse kali ndi kathovu kakuda kakugwederagwedera m'kati. Tinali tamoyo, tonse. Ndinakhala pamenepo mpaka a Dokotala anandikumbutsa kuti makinawo ndi awo. Nditatuluka ndinalowa m'chimbudzi cha akazi n'kulira pang'ono, kulira kokoma.

Anatenthetsa timadonthoto kamodzikamodzi kwa masiku atatu, akulemba manambala. Yankho linatuluka Lachinayi: mafuta anadutsa kale kwambiri, mwala usanakwiririke mozama, ndipo nthaka inadzapindika patapita zaka mamiliyoni ambiri. Beseni lija linavundikira ketulo yozima. Anthu oboola anasintha maganizo, makina awo anawalozetsa kwina.

Ine zinandinyansa. Tikuyenda kupita kunyumba ndinawauza kuti, "Ndiye ndinathyoka msana, kutukwanidwa za chala chapakati, chifukwa cha mafuta amene anathawa kalekale?"

"Anthu aja akanaboola miyezi isanu ndi umodzi," anayankha ali pambuyo panga, "amuna mazana kusiya mabanja awo, kukatulutsa madzi amchere. Mwala wanena zoona, amayi. Ntchito yathu ndi yomweyo." Ankayenda akuimba kamluzu, chinthu chimene anali atasiya kwa miyezi itatu.

Mwambo wotsanzikana nawo unachitika Lachisanu lomaliza la mweziwo, masana, m'chipinda chodyera. Ndinakonza ndine, chifukwa palibe anaganiza zoti mkazi wa mwini mwambo apumeko tsiku limenelo. Panali keke, masangweji ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Anabwera onse, akatswiri, a m'shedi, madalaivala, ndi a Makina atavala jekete. Ine ndinaima kuseri kwa tebulo ndi mpeni wa keke.

A Dokotala ndi amene analankhula. Ananena za zaka makumi atatu ndi chimodzi, za mawa amene anawapsetsa mtima kambirimbiri, anthu n'kumaseka. Kenako anatulutsa kabokosi koonekera m'kati, mmene munali kamwala kaja, n'kukakweza m'mwamba.

"Ndagwirapo ntchito ndi amisiri ambiri," anatero, "koma chonga ichi sindinachionepo. Mwala wofumbutuka ngati shuga, wotsiriza, koma osazuka ngakhale kamchenga kamodzi. Anthu amakalamba, koma manja a bambo awa akana kukalamba. Tiwaombere m'manja."

Anthu anaomba m'manja mwamphamvu. Ine ndinaweramitsa mutu n'kumadula keke, ndili wokondwa ndithu. Zinali zitatheka. Akanatha kungoweramitsa mutu, kuthokoza, n'kutuluka pakhomo paja anthu akuwadziwa mmene ankawadziwira, monga ankafunira. Sindikanaulula mpaka kumanda, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Anaimirira pang'onopang'ono, n'kudikira kuti phokoso lithe. Kenako anatulutsa dzanja lamanja m'thumba n'kulitambasula patsogolo pa anthu onse. Linkanjenjemera ngati tsamba.

"Dzanja ili lakhala chonchi miyezi itatu," anatero. "Ndinabisa chifukwa cha manyazi, ndipo a Dokotala mundikhululukire, ndinayenera kukuuzani tsiku lomwe munabweretsa mwala. Ine ndinacheka ndi kumata. Kupala konse, kuyambira ufa woyamba mpaka womaliza, anapala ndi mayi awo agwira mpeniwo. Ngati mukuombera manja, manja ake ndi amenewo."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinkafuna pansi patatseguka. Mpeni unali m'mwamba, kirimu ali pachala, ndipo chimene ndinakwanitsa kunena n'chakuti, "Abambo inu, khalani pansi, mukuchedwetsa keke."

A Dokotala anabwera mothamanga monga mwa kuyenda kwawo, anandilanda mpeniwo, n'kugwira manja anga onse awiri. Anawatembenuza n'kuona nsonga za zala zitatu zimene zinali zitasalala ndi ufa wopalira, mizere yake itafufutika.

"Ndiye tsiku lija munkayang'ana ntchito yanu, osandiuza?" anafunsa.

"Munali musanandifunse," ndinayankha.

Anaseka mpaka kugwira tebulo, ndipo a Makina ndi amene anayamba kuombanso m'manja, mwamphamvu kuposa poyamba, ena onse n'kutsatira. Wina anandikokera mpando pafupi ndi amuna anga, wina anandivula epuloni. Ndinakhala pansi, manyazi ndi chimwemwe zikulimbana, ndipo ndinawatsina pantchafu pansi pa tebulo kuti adziwe kuti nkhaniyi tikaipitiriza kunyumba.

Nthawi yoweruka itakwana, amuna anga anakaima pakhomo la chipindacho. Aliyense wotuluka ankamupatsa dzanja lamanja lomwelo, likunjenjemera choncho, ndipo ankagwirana naye chanza nthawi yaitali, kuyambira a Dokotala mpaka mlonda wa pachipata. Anthu anali makumi anayi ndi mphambu, ndipo sanadumphe ndi mmodzi yemwe. Ine ndinaima pambali, chikwama chawo chili m'manja, ndikuwadikira.